Sir Alexander Fleming: Anatipatsa Mankhwala Pamodzi ndi Chenjezo

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu a kwa Kanduku ndi a madera ena a boma la Mwanza akukumbukira chaka cha 2009, pamene nthenda yachilendo inabuka m'midzi ya anansi ao ku Neno, boma limene kufikira 2003 linali mbali ya Mwanza, ndiponso kuseri kwa malire ku Tsangano m'dziko la Mozambique. Kuyambira mwezi wa Malichi kufikira Novembala anthu 303 anadwala, ndipo 11 mwa iwo anamwalira. Madotolo a Unduna wa za Umoyo, pothandizana ndi anzao ochokera ku America, atapima magazi a odwala anapeza kuti nthendayo inali tayifodi. Koma chimene chinawadetsa nkhawa koposa ndi ichi: m'mapimidwe onse 42 amene anachita, tizirombo ta nthendayo sitinamve mankhwala atatu amene zipatala zinali kudalira kwa zaka zambiri, ndiwo ampicillin, chloramphenicol, ndi aja timawadziwa ndi dzina la Bactrim.

Zinthu zotere zinanenedweratu zaka 64 nthendayo isanabuke, ndipo amene anazinena ndiye yemwe uja anapeza penisilini, mankhwala amene anatsegula njira ya mankhwala onse opha tizirombo amene lero tiwatcha maantibayotiki. Tsono nkoyenera kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi a nchito za boma, adziwe mbiri ya munthu ameneyu.

Ubwana wa pa munda

Alexander Fleming anabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pa munda wotchedwa Lochfield, pafupi ndi mudzi wa Darvel m'chigawo cha Ayrshire ku Scotland, dziko lomwe lija kunachokera Dr. David Livingstone ndi amishoni amene anatcha mzinda wathu dzina la Blantyre. Atate ake, a Hugh Fleming, anali mlimi woweta nkhosa, ndipo anamwalira mwanayo ali ndi zaka 7, nasiya amai ake, a Grace, akusamala banja ndi munda. Sukulu yake yoyamba inali kasukulu ka kumudzi ka Loudoun Moor. Atakulako anayamba kupita ku sukulu ya ku Darvel, ulendo wa mamailosi 4 kupita ndi 4 kubwera, wapansi tsiku ndi tsiku, monga achitira ana athu ambiri a m'midzi. Pambuyo pake anaphunzira ku Kilmarnock Academy.

M'chaka cha 1895 anatsata mkulu wake Tom, amene anali dotolo ku London, napitiriza maphunziro kumeneko. Atatsiriza anagwira nchito ya ukalaliki zaka 4 m'ofesi ya kampani ya zombo, nchito imene sinamkondweretse. Ali ndi zaka 20 analandira gawo la chuma cha masiye cha mbale wa atate ake, ndipo mkulu wake anamlangiza kuti ndalamazo aphunzirire udotolo. Analowa sukulu ya madotolo ya pa chipatala cha St Mary's ku Paddington, m'mzinda wa London, natsiriza m'chaka cha 1906 atakhoza bwino koposa. Pa chipatala chomwecho anagwirapo nchito moyo wake wonse.

Analowa m'labotale ya Sir Almroth Wright, katswiri wa katemera, nayamba kuphunzira za tizirombo tija tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Amene anagwira naye nchito anamdziwa monga munthu wamfupi, wofatsa, wa mau ochepa, koma wa maso akuthwa ndi manja aluso. Iye anali mmodzi wa madotolo oyamba ku England kubaya odwala chindoko ndi mankhwala atsopano a Salvarsan, amene Paul Ehrlich wa ku Germany anatulutsa m'chaka cha 1910.

Zimene anaona ku nkhondo

Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, Fleming anapita ndi Wright ku Boulogne m'dziko la France monga dotolo wa asilikali. Kumeneko anaona anyamata ambiri akufa ndi mabala amene anabvunda nachita mafinya, ngakhale kuti chipolopolo chimene chinawalasa sichinali choti nkuwapha. Madotolo a masiku amenewo anali kuthira m'mabala mankhwala amphamvu otsukira, poganiza kuti atha tizirombo. Fleming anayesa njirayo m'labotale, naona kuti m'bala lakuya mankhwalawo anali kupha asilikali a m'thupi, ndiwo tizigawo toyera ta m'magazi timene timenyana ndi matenda, pamene tizirombo tinali kubisala m'ming'alu ya balalo osakhudzidwa. Anafalitsa zimenezi mu 1917, koma madotolo ambiri anapitiriza monga mwa chizolowezi chao. Kuyambira pamenepo mtima wake unali pa kufuna mankhwala opha kachirombo osaononga munthu.

M'kati mwa nkhondoyo, mu Disembala 1915, anakwatira namwino wa ku Ireland, Sarah McElroy, ndipo mu 1924 anabala mwana wamwamuna, Robert, amene nayenso anadzakhala dotolo.

Chakumapeto kwa 1921, atagwidwa ndi chimfine, anaika mamina ake m'kambale kolereramo tizirombo, naona kuti tizirombo tina tinasungunuka pamene panagwera maminawo. Anapezanso mphamvu yomweyo m'misozi, m'malobvu ndi m'choyera cha dzira, naitcha lysozyme. Inali yofooka pa tizirombo toopsa, choncho sinasanduke mankhwala, koma inamphunzitsa kuyang'anitsitsa kambale kalikonse asanakataye.

Chuku cha m'kambale

Pa 3 Sepitembala 1928, chaka chomwe anakwezedwa kukhala pulofesa, Fleming anabwera kuchokera ku tchuthi napeza timbale timene anasiya pa thebulo tili mbwee, pakuti sanali munthu wokonza msanga malo ake a nchito. M'timbaleto anali kulera tizirombo totchedwa Staphylococcus, timene tiyambitsa zithupsa ndi mafinya a m'mabala, ndipo tikalowa m'magazi tipha. Kambale kamodzi kanali katamera chuku, chofanana ndi chija chimera pa nsima yogona masiku kapena pa nachesi loola. Wina akanangotsuka kambaleko. Iye anaona kuti mozungulira chukucho tizirombo tinali titafa, pamene takutali tinali kukula bwinobwino.

Analera chukucho, chimene chili cha mtundu wa Penicillium, m'msuzi, napeza kuti madzi ake anali kupha tizirombo ta chibayo, ta chinzonono, ta matenda oumitsa khosi ndi tina tambiri, osaononga asilikali a m'thupi. Anaonanso kuti panali tizirombo tina, monga ta tayifodi, timene sitinamve madziwo konse. Pa 7 Malichi 1929 anawatcha penisilini, ndipo chaka chomwecho anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya madotolo.

Apa tiyenera kunena zoona za munthuyu. Fleming sanathe kusandutsa madzi a chukucho kukhala mankhwala obaya munthu. Penisilini anali kutuluka pang'ono kwambiri, ndipo anali kutha mphamvu msanga. Fleming sanali katswiri wa kusefa ndi kuyenga mankhwala, ndiponso polankhula pa misonkhano sanali wokopa anthu. Kwa zaka pafupifupi 10 madotolo sanasamale za nchito yake. Iye anangosunga chukucho chamoyo, nagawirako malabotale ena amene anapempha.

Mutu umodzi susenza denga

Amene anasenza denga pamodzi naye anali a ku sukulu yaikulu ya Oxford: Howard Florey wa ku Australia, Ernst Chain, Myuda amene anathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany, ndi Norman Heatley, amene anapanga zipangizo zosefera mankhwalawo. Nkhondo yachiwiri ili m'kati, ndalama ndi zipangizo zikusowa, iwo analera chuku ngakhale m'ziwiya zodzithandiziramo odwala. Pa 25 Meyi 1940 anabaya mbewa 8 ndi tizirombo toopsa, napatsa 4 mwa izo penisilini. Pofika m'mawa 4 zosalandira mankhwala zinali zitafa, ndipo zolandira zinali zamoyo.

Pa 12 Febuluwale 1941 anabaya wapolisi wina, Albert Alexander, amene anali pafupi kufa ndi tizirombo tolowa m'magazi. M'masiku ochepa anayamba kupeza bwino. Koma mankhwala anali ochepa, kotero kuti madotolo anali kusefa mkodzo wake kuti apezenso penisilini wotuluka m'thupi ndi kumbayanso. Potsiriza mankhwalawo anatheratu, nthenda inabweranso, ndipo wapolisiyo anamwalira pa 15 Malichi.

Florey ndi Heatley anapita ku America chaka chomwecho, ndipo ku Peoria ndi m'makampani a mankhwala a dzikolo kunapezeka njira yopangira penisilini wambiri m'mathanki akulu. Mu Ogasiti 1942 Fleming anapempha penisilini kwa Florey, nachiza naye munthu wodwala nthenda youmitsa khosi pa chipatala cha St Mary's. Manyuzipepala anagwira nkhaniyo. Pakuti Florey sanafune kulankhula ndi atolankhani, ulemu wambiri unagwera Fleming yekha, chinthu chimene chinawawa a ku Oxford. Pofika 1944 penisilini anali wokwanira asilikali obvulala a mbali ya Britain ndi America. Chaka chomwecho Mfumu George VI inampatsa Fleming ulemu wa Sir, ndipo mu 1945 iye, Florey ndi Chain analandira pamodzi mphotho ya Nobel.

Chenjezo la ku Stockholm

Pa 11 Disembala 1945 Fleming anaima pamaso pa anthu ophunzira ku Stockholm kuti alankhule za mphothoyo. Dziko lonse linali kutama penisilini monga mankhwala ozizwitsa, koma iye anatsiriza ndi chenjezo. Anafotokoza kuti m'labotale nkosabvuta kuzoloweretsa tizirombo penisilini: ungotipatsa mlingo wochepa wosakwana kutipha. Ananena kuti zomwezo zichitikanso m'thupi la munthu, ndi kuti idzafika nthawi imene aliyense adzagula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa adzamwa wosakwanira, nalera m'thupi mwake tizirombo tosamva mankhwala. Anapereka fanizo la mwamuna wodwala pakhosi amene achita zotere, napatsira mkazi wake tizirombo tozolowerato. Mkaziyo adwala chibayo, apatsidwa penisilini, koma osachira, namwalira. Mlandu wa imfayo Fleming anauika pa mwamunayo.

Sanalankhule zongoganiza. Kale mu 1940 Chain ndi mnzake Edward Abraham anali atapeza kuti tizirombo tina titulutsa madzi oononga penisilini. M'mene zichitikira ndi motere. Pakati pa tizirombo miyandamiyanda pamakhala tochepa tobadwa ndi mphamvu yopirira mankhwala. Mankhwala akafika apha tofooka nasiya tolimbato, ndipo popeza tina tigawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, m'masiku ochepa malo onse adzaza ndi mbumba ya tolimba. Mlimi amene anathira mankhwala ochepa m'chimanga, naona anankafumbwe otsala akuswana, adziwa chimene tikunena. Akatswiri a pambuyo pa Fleming anapezanso kuti tizirombo tipatsana mphamvu imeneyi ngakhale tili ta mitundu yosiyana, ndi kuti nthawi iliyonse imene maantibayotiki amwedwa, ngakhale pa mlingo woyenera, tolimba tipeza mpata. Nchifukwa chake kumwa mankhwalawa popanda chifukwa ndi kutaya chuma cha anthu onse.

Chenjezo likwaniritsidwa iye ali moyo

Bvutolo linaonekera poyamba m'zipatala, pakuti m'menemo ndimo mankhwala achuluka, odwala agona moyandikana, ndipo manja amodzi agwira anthu ambiri. Dr. Mary Barber, wa pa chipatala cha Hammersmith m'mzinda womwewo wa London, anali kuwerenga tizirombo ta Staphylococcus totengedwa mwa odwala. Mu 1946 tosamva penisilini tinali 14 pa 100 tilitonse. Mu 1947 tinafika 38. Mu 1948 tinali 59. Mai ameneyu anasonyeza kuti odwala ambiri anatenga tizirombo tolimbato m'chipatala momwemo, ndi kuti anamwino anali kutinyamula m'mphuno ndi m'manja osadziwa. Chipatalacho chitaika malamulo a ukhondo ndi a kaperekedwe ka mankhwala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, chiwerengerocho chinatsika.

Zaka zotsiriza za Fleming zinatha ndi maulendo, pakuti maiko ambiri anamuitana kudzampatsa ulemu. Mkazi wake Sarah anamwalira mu 1949, ndipo mu 1953 anakwatira Dr. Amalia Koutsouri-Vourekas wa ku Greece, amene anagwira naye nchito m'labotale. Pa 11 Malichi 1955 anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima kunyumba kwake ku London, ali ndi zaka 73. Phulusa lake linaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's, malo osungira anthu amene dzikolo liwalemekeza koposa.

Atamwalira, mpikisano wa mankhwala ndi tizirombo unapitirira. Mankhwala a methicillin anapangidwa kuti agonjetse Staphylococcus wosamva penisilini, koma pofika 1961 Patricia Jevons wa ku London anali atalengeza kale kuti wapeza tizirombo tosamvanso methicillin.

Kwathu kuno

Wodwala wa kwa Kanduku akalephereka pa chipatala cha boma ku Mwanza, atumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Pa chipatala chimenechi akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anapenda mapimidwe a magazi oposa 190,000 a zaka za 1998 kufikira 2016, nafalitsa zotsatira zake mu 2017. Anapeza nkhani yabwino, yakuti matenda a tizirombo tolowa m'magazi anachepa m'zaka zimenezo. Anapezanso nkhani yoopsa. Jekeseni ya ceftriaxone ndiyo imene madotolo athu adalira kwambiri pa wodwala wobvutikitsa. Pakati pa 2003 ndi 2016, tizirombo ta Klebsiella tosamva mankhwala a gulu limeneli tinakwera kuchokera pa 12 kufika pa 90 pa 100 tilitonse, ndipo ta E. coli tinachoka pa ochepera 1 kufika pa 30. Staphylococcus wosamva methicillin, yemwe uja anaoneka ku London, anafika pa 18 pa 100 alionse mu 2016. Amene ali pa ngozi yaikulu ndiwo makanda obadwa kumene, ndipo mu 2014 Klebsiella wosamva ceftriaxone anafala m'chipinda cha makanda cha Chatinkha. Mankhwala otsala ochiza tizirombo totere ndi okwera mtengo, ndiponso sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono.

Bvutoli si lathu lokha. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2019 tizirombo tosamva mankhwala tinapha anthu pafupifupi 1,270,000 pa dziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anataya ambiri.

Komabe tisataye mtima, pakuti Malawi anaonetsa kale dziko chimene Dr. Barber anaonetsa chipatala chake. Mu 1993 dziko lino linali loyamba mu Africa kuleka chloroquine monga mankhwala oyamba a malungo, popeza kachirombo ka malungo kanaleka kuwamva. Patapita zaka zoposa 10, madotolo a ku Blantyre anapeza kuti kachiromboko kayambanso kuwamva. Kachirombo ka malungo si bakiteriya, ndipo si mankhwala onse amene mphamvu yao ibwerera motere, koma phunziro lake nlomveka: chimene anthu achita ndi mankhwala chisintha tizirombo. Mu 2017 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka 5 yolimbana ndi tizirombo tosamva mankhwala, ndipo mu 2023 linayamba kupereka katemera wa tayifodi kwa ana. Mwana wotemeredwa amene sadwala safuna maantibayotiki konse.

Gawo lotsala lili kwa ife. Nthawi imene Fleming anaiopa inafika kale, pakuti makapisozi agulitsidwa awiri kapena atatu m'maokala ndi m'misika, kwa munthu amene sanapimidwe, ndipo ambiri awamwera chimfine, chimene chiyamba ndi mavairasi osamva maantibayotiki. Ena awapatsa nkhuku ndi nkhumba. Mphunzitsi amene aphunzitsa ana kusamba m'manja ndi sopo, kumwa madzi otetezedwa ndi kumwa mankhwala monga momwe dotolo wanenera, ateteza makanda a ku Chatinkha ngakhale sanawaonepo. Wa nchito za boma amene aonetsetsa kuti pa chipatala cha kumudzi pali madzi ndi sopo, ndi kuti mankhwala a boma satulukira pa khomo la kuseri, achita chimodzimodzi. Namwino wosamba m'manja asanagwire wodwala wina aliyense achita nchito imene jekeseni yamphamvu singathe kuichita.

Makolo athu anati mau a akulu akoma akagonera. Mau a Fleming anagonera kuyambira 1945, ndipo anthu a ku Neno ndi ku Tsangano anaona kukwaniritsidwa kwake m'midzi yao. Mwana wa mlimi wa ku Lochfield anasiyira dziko zinthu ziwiri, mankhwala ndi chenjezo la kasungidwe kake. Dziko linalandira mankhwala ndi manja awiri, koma linachedwa kumvera chenjezolo. Ngati ana a kwa Kanduku adzapeza jekeseni yochiza pa tsiku limene adzaifuna, chidzakhala chifukwa chakuti ife a lero tinamvera chenjezolo.